Mwati zayesedwa, zayesedwa pa chiyani?

Lero mu minibasi yochokera ku Area 25 mwakwera bambo wina ndi chikwama chodzaza mabotolo a madzi obiriwira. Ati muli masamba a nimu, chammwamba ndi "zina zachinsinsi". Ati botolo limodzi lomwelo limachiza shuga, BP, chinzonono, zilonda za m'mimba mpaka kusabereka. Mayi wina wafunsa ngati angasiye mapiritsi a kuchipatala, bambowo osaphethira n'komwe: "Siyani mayi, izi zayesedwa ku labu."

Zandipsetsa mtima mpaka pano. Zayesedwa pa chiyani? Pa ndani?

Ku labu amachita chonchi. Amaumitsa masamba pamthunzi, kusinja, kuviika m'madzi kapena mu methanol (mtundu wa mowa wa ku labu), n'kusefa. Akakhutchumula n'kuchita thovu losaphwa msanga, muli saponin, mankhwala ena achilengedwe opezeka m'zomera. Akadontheza mankhwala otchedwa ferric chloride madziwo n'kuda, muli enanso otchedwa tannin. Kenako amadzala mabakiteriya monga E. coli kapena Staphylococcus aureus m'kambale, kuikapo kapepala konyowa ndi madzi a masamba aja, kusiya usiku wonse pa madigiri 37. Kukacha amayeza kuti malo amene tizilombo talephera kumera mozungulira kapepalako ndi mamilimita angati. Basi, zathera pompo.

Kambale, abale anga! Kambale kalibe impso. Kalibe chiwindi, kalibe pathupi pa miyezi isanu. Ngakhale sopo wochapira amapha tizilombo m'kambale, nanga mumamwa? Ndiye munthu wamkulu ndi ndevu zake aziuza mayi wa BP kuti ataye mapiritsi chifukwa tsamba linagwira ntchito m'kambale, ngati linafikako n'komwe ku labuko? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo musabwere ndi zoti ndikunyoza zamakolo. Tonse takulira masamba a gwafa tikatsegula m'mimba. LA yemwe timamwa tikadwala malungoyu mbali yake imodzi inachokera ku chitsamba cha Artemisia annua, mpaka Tu Youyou, wasayansi wa ku China amene anatulukira mankhwala a m'chitsambacho, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma iwo sanalekere m'kambale. Anayesa pa mbewa, anayesa pa anthu, anapeza mlingo. Inu ogulitsa mabotolo, mlingo wanu ndi uti? "Kapu imodzi m'mawa." Kapu yake iti, ya tiyi kapena chikho cha thobwa? Pabotolo palibe tsiku lomwe munafulula, palibe dzina, pali nambala ya foni yokha.

Inde ndalama yavuta, mizere kuchipatala ndi yaitali, tikudziwa. Koma mukanena kuti zayesedwa, tiwonetseni pepala. Popanda pepala nenani kuti agogo anu ankamwa, tidzakumvani, osati kunamizira labu.

Ndipo inunso ogulitsa amoxicillin padzuwa ku depoti kuja, makapisozi anayi anayi ngati mtedza wokazinga, anakuuzani ndani kuti chimfine chimafuna antibayotiki?