DNA si dzala, aphunzitsi inu

Dzulo mwana wa achemwali anga, yemwe ali Grade 12, anabwera kuchokera ku tuition ku Kabwata n'kundionetsa kope lake la biology. Aphunzitsi awalembetsa kuti pa DNA yonse ya munthu, yantchito ndi 2 peresenti basi, 98 peresenti yotsalayo ndi zinyalala, asataye nayo nthawi poti sibwera pa mayeso. Zinyalala! Mayi ake amapsa ndi dzuwa pa Soweto Market kugulitsa salaula kuti apeze ndalama ya tuition, ndiye munthu azilandira ndalamayo n'kumadyetsa ana bodza? Mtima wanga sunakhale pansi mpaka pano.

Zoti ma gene, tizigawo ta DNA tokhala ndi malangizo opangira mapuloteni, sakwana n'komwe 2 peresenti, n'zoona. Koma gene siidziyatsa yokha. Selo ya m'chiwindi ndi selo ya m'diso zili ndi DNA imodzimodzi, zilembo zoposa 3 biliyoni zomwezo. Nanga bwanji diso silitulutsa ndulu? Yankhani pamenepo, aphunzitsi. Yankho lili mu 98 yomwe mwaitaya kudzalayo. M'menemo muli tizigawo totchedwa enhancer, tomwe timalamula kuti gene iyi iyake mu selo iti, nthawi iti, ndipo mwamphamvu bwanji. Mapuloteni otchedwa transcription factor amakakamira pa enhancer, DNA n'kupindika ngati chingwe mpaka enhancer ija ifike pafupi ndi promoter, poyambira pa gene. Zikatero puloteni ina yotchedwa RNA polymerase imayamba kukopera uthenga wa gene kuti ukhale RNA. Selo ya chiwindi ili ndi ma transcription factor ake, ya diso ake, n'chifukwa chake zimayatsa ma gene osiyana. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Gene popanda enhancer yake imangokhala duu, kapena kungogwira mofooka.

Ndipo izi si za dzana. Mu 1981 gulu la Walter Schaffner ku Zurich linaona kuti kachigawo ka zilembo 72 kochokera ku kachilombo ka SV40 kakuchulukitsa kwambiri ntchito ya gene ya kalulu, ngakhale atakatembenuza, ngakhale atakaika patali. 1981! Aphunzitsi ambiri a tuition anali asanabadwe. Vuto ndi mabuku akale ndi ulesi wowerenga, palibenso china.

Sindikuti chilembo chilichonse mu 98 imeneyo chili ndi ntchito. Ndikuti simungaloze malo amene muli zolamula thupi lonse n'kumati ndi dzala. Pali enhancer ina yotchedwa ZRS, ili patali zilembo pafupifupi 1 miliyoni kuchokera pa gene imene imailamula, ya Sonic hedgehog. Chilembo chimodzi chokha chikasintha mmenemo, mwana amatha kubadwa ndi chala chowonjezera mbali ya chala chachikulu. Gene ili bwinobwino, yasokonekera ndi enhancer. Mbewa zimene anazichotsa kachigawo kameneka zinabadwa ndi miyendo yoduka, yopanda zala. Ndiye mundiuze kuti chinthu chimene chimasankha ngati mwana akhale ndi dzanja ndi chinyalala?

Chomwe chandiwawa kwambiri ndi ichi. Muno mu Lusaka ndani sadziwa banja lomwe lili ndi mwana wa sickle cell? Maso achikasu, mafupa kuwawa usiku wonse, mayi kugona pansi mu wodi. Mu November 2023 dziko la Britain linavomereza chithandizo cha Casgevy, America n'kutsatira mu December. Chithandizocho sichikhudza n'komwe gene yolakwika ya hemoglobin, puloteni yonyamula mpweya m'maselo ofiira a magazi. Amatenga maselo opanga magazi a wodwala, n'kudula ndi CRISPR, chida chodulira DNA, pa enhancer ya gene ya BCL11A. BCL11A ndi imene imazimitsa hemoglobin ya ukhanda mwana akabadwa. Enhancer ikawonongeka, hemoglobin ya ukhanda ija imayambiranso kupangidwa, maselo ofiira n'kusiya kupindika ngati chikwakwa. Adula pa zinyalala zanu zomwezo, aphunzitsi, munthu n'kusiya kugonekedwa mwezi ndi mwezi.

Mwana amene wakhala pa benchi yanu akhoza kudzakhala dokotala kapena wa mu labu. Mukamuuza lero kuti asayang'aneko, mwamutsekera khomo lodziwira matenda amene akupha abale ake. Eti sizibwera pa mayeso. Kodi timaphunzitsa ana kuti adziwe thupi la munthu kapena kuti angodzaza pepala?

Ndiye mtengo wakenso wa Casgevy, ku America ukuposa madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi. Ana ambiri obadwa ndi sickle cell padziko lonse amabadwira mu Africa muno, koma chithandizo chili kwa eni ndalama. Kuno mayi akungozungulira ma pharmacy kuchoka ku Matero mpaka m'tauni kusaka hydroxyurea, mankhwala a sickle cell, akaipeza mtengo wake n'kubwerera chimanjamanja.