Pawn ya pa b4 ndimayipereka dala

Loweruka lapitali tikusewera chess pakhonde la sitolo ku Kamuzu Road kuno ku Salima, bambo wina amene amaonerera anagwira pakamwa nditakankha pawn yanga kufika pa b4 (bokosi lililonse la pa bolodi lili ndi dzina la chilembo ndi nambala). Akuti, "Achimwene, mwangopereka yaulere imeneyo." Ayi bambo, imeneyo ndi nyambo. Msodzi wa ku Senga Bay akamakoleka usipa pa mbedza sitinena kuti akutaya ndiwo.

Kaseweredwe kameneka amati Evans Gambit. Kamayamba 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Bc5, kenako 4.b4 (N ndi knight, B ndi bishop; popanda chilembo chachikulu ndi pawn). Wakuda, mnzanga wosewera ndi zakuda, akadya pawn ija ndi bishop, ine ndimakankha pawn ina kufika pa c3 kuthamangitsa bishop uja, kenako ina pa d4. Taonani bwino apa: bishop wake wayenda katatu n'kungopindula pawn imodzi, pomwe ine ndatenga pakati pa bolodi. Queen wanga ali ndi njira yopita pa b3 kukathandizana ndi bishop wa pa c4 kuloza f7, malo ofooka pafupi ndi king wake. Bishop winayo akafika pa a3, nthawi zambiri castling (kubisa king pakona mothandizidwa ndi rook) imamuvuta mnzangayo, king n'kutsala pamtetete. Zonsezi ndagula ndi pawn imodzi yokha.

Ena amati ndi zachikale. Inde, anayambitsa ndi William Evans, woyendetsa sitima zapamadzi wa ku Wales, m'zaka za m'ma 1820. Koma mu 1995 ku Riga m'dziko la Latvia, katswiri wa chess Garry Kasparov anagonjetsa nayo katswiri mnzake Viswanathan Anand m'mamuvu 25 okha.

Sindikunena kuti ilibe mankhwala. Katswiri wina wakale, Emanuel Lasker, anaonetsa kalekale kuti wakuda akhoza kubweza pawn ija masewero n'kuzizira. Koma ndi angati pakati pathu amene amalola kubweza chimene adya kale? Ambiri amaikakamira, ndipo pofika muvu ya 15 amakhala akungotchinga uku ndi uku.

Chimene chimandipweteka ndi ana amene tikuwaphunzitsa. Timawauza kuti asataye kanthu, ndiye amasewera mwamantha, kuwerenga ma pawn ngati ndalama za pamsika, knight ndi rook zili gone kumbuyo. Mwana wa mchemwali wanga ndinamuonetsa b4 mwezi watha. Masewero awiri oyamba anagonja. Achitatu anaona yekha Qb3, queen kupita pa b3 paja, osamuuza munthu, ndipo mnzake sanapeze pobisa king.