Mukabwereketsa seva yathunthu, mpanda uzikhala pa switch

Anzanga amene mumagwira ntchito za netiweki kuno ku Tete, ku Moatize, ku Songo ngakhalenso kwathu ku Ulongué, pali chizolowezi chimene ndachiona m'zipinda zingapo zosungira maseva (makompyuta amphamvu otumikira makompyuta ena), ndipo ine ndikuchiona kuti ndi choopsa ngakhale kuti eni ake amati chimapulumutsa ndalama. Amalumikiza maseva onse obwereketsa pa netiweki imodzi yopanda malire, kenako n'kuuza kasitomala aliyense kuti azigwiritsa ntchito maadiresi amene wapatsidwa okha, ngati kuti pangano la pakamwa lingaletse makina kumva zimene zikudutsa pa chingwe.

Kasitomala akachita lendi virtual machine, kompyuta yopangidwa ndi pulogalamu m'kati mwa seva yeniyeni, amafanana ndi munthu amene wachita lendi chipinda m'nyumba imene mwini wake akugonamo. Pansi pa makina akewo pali hypervisor, pulogalamu yoyendetsa ma virtual machine, monga KVM, ndipo ndi iyo imene imalola kapena kukana uthenga uliwonse wolowa ndi wotuluka. Koma akachita lendi seva yathunthu, imene pa ntchitoyi timaitcha bare metal, mwini nyumba watuluka ndipo wapereka makiyi onse. Kasitomalayo angathe kusintha adiresi ya IP, angathe kunamizira adiresi ya MAC (nambala yozindikiritsa khadi la netiweki) ya mnzake, angathe kuyatsa DHCP (pulogalamu yogawira makina maadiresi a IP) yakeyake, ndipo mulibe pulogalamu yathu iliyonse imene yatsala m'makinamo yoti imuletse. Chinthu choyamba chimene chikadali m'manja mwathu ndi port ya switch (khomo la chipangizo cholumikiza makina pa netiweki) imene chingwe chake chalowapo. Ngati malire sanaikidwe pamenepo, ndiye kuti palibe malire.

Zimenezi ndinaziphunzira movutikira. Pamalo pena pamene ndinkagwira ntchito, m'mwezi wa Novembala kunja kukutentha mopitirira madigiri 40, tinkaika pulogalamu pa seva yatsopano kudzera pa PXE, njira imene makina opanda kanthu amapempha adiresi kwa DHCP kenako n'kukatenga zoyambira zake pa netiweki. Sevayo inkadzuka, n'kudikira, n'kulephera. Tinasintha chingwe kawiri, tinakayikira khadi la netiweki, ndipo mkulu wathu anafika poganiza zoibweza kwa amene anatigulitsa. Madzulo ndinakhala pansi kuseri kwa rack (shelefu ya maseva), laputopu ili pa mwendo, mphepo yotentha ya mafani ikundiomba kumaso, n'kuyatsa tcpdump, pulogalamu yoonetsa uthenga umene ukudutsa pa netiweki. Pa pempho limodzi la sevayo ndinaona mayankho awiri, lina lochokera kwa DHCP yathu, lina lochokera ku adiresi imene sindinkaidziwa, ndipo lachilendolo ndi limene linkafika msanga. Nditafufuza MAC yake mu switch ndinaipeza pa port imene chingwe chake chinali ndi kapepala komatidwa ndi tepi, zolembapo zitafufutika kale. Anali makina a kasitomala wina, amene mnyamata wake anayatsa DHCP pofuna kuyesa zinthu zake, wopanda cholinga choipa chilichonse.

Chimene chinandisowetsa tulo si tsiku limene tinataya ayi. Ndinazindikira kuti munthu amene angathe kuyankha seva yathu pa nthawi ya PXE angathenso kuipatsa pulogalamu yoyambira ya iye mwini, ndipo sevayo ikanaperekedwa kwa kasitomala wina ili kale ndi mlendo m'kati. Pa netiweki yotereyi, kunamiza ARP (njira imene makina amafunsira MAC ya mwini adiresi ya IP) kuti uthenga wa mnzako uzidutsira kwa iwe ndi ntchito ya mphindi zochepa, chifukwa ARP imakhulupirira aliyense amene wayankha.

Mankhwala ake si achilendo. Kasitomala aliyense akhale ndi VLAN yake, netiweki yopatulidwa pa switch yokhala ndi nambala yakeyake, motsatira muyezo wa IEEE 802.1Q, umene umapereka manambala 4094 ogwiritsidwa ntchito. Port imene yapita ku seva ya kasitomala ikhale ya access, yonyamula VLAN imodzi yokha, osati ya trunk yololeza ma VLAN onse, chifukwa pa trunk yotseguka kasitomala angathe kudziikira yekha nambala ya VLAN ya mnzake n'kulowa. VLAN 1, imene ma switch ambiri amabwera nayo kuchokera ku fakitale, isanyamule katundu wa munthu aliyense. Ena amafulumira kutchula VXLAN, njira ina yopatulira ma netiweki, imene inalembedwa m'chikalata cha RFC 7348 m'chaka cha 2014 ndipo imafika manambala oposa 16 miliyoni. Ndi yabwino kwa makampani akuluakulu, koma ine sindinaone chipinda cha maseva m'chigawo chino chimene chamaliza manambala 4094, ndipo ngakhale VXLAN yomweyo, pa bare metal iyenera kuthera pa switch, osati m'makina amene kasitomala akulamulira.

Amene amagwiritsa ntchito OpenStack, gulu la mapulogalamu oyang'anira maseva obwereketsa, ali ndi mwayi, chifukwa kuyambira pa mtundu wake wotchedwa Newton mu 2016, Ironic (gawo loyang'anira bare metal) imagwirizana ndi Neutron (gawo loyang'anira netiweki) kusamutsa port popanda munthu kuchita pamanja. Seva ikamaikidwa pulogalamu imakhala pa netiweki yokonzera, imene kasitomala aliyense saifika. Ikatha, Neutron imauza switch, mwachitsanzo kudzera pa pulogalamu ya networking-generic-switch imene imalowa mu switch pa SSH (njira yolamulira makina uli patali), kuti port ija ipite ku VLAN ya kasitomala. Akabweza sevayo imasamutsidwira ku netiweki yoyeretsera kuti madisiki afufutidwe isanaperekedwe kwa wina. Komabe apa pali msampha umene anthu saukamba mokwanira. Ironic siona zingwe, imangokhulupirira zimene tinailembera, zoti seva yakuti ili pa switch yakuti, port yakuti. Wina akasuntha chingwe usiku chifukwa port yavuta, osasintha zolembazo, makina amasintha port yolakwika mokhulupirika ndithu, ndipo seva ya munthu wina imapezeka m'netiweki ya munthu wina popanda chenjezo. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti LLDP, njira imene switch imauzira makina port imene alumikizidwapo, ikhale yoyatsa pa nthawi yoyendera makina, ndiponso kuti wosuntha chingwe alembe asanatuluke m'chipindamo. Kapepala kofufutika kaja kandiphunzitsa zambiri kuposa maphunziro ena amene ndinalipira.

Palinso khomo lakumbuyo, BMC, kakompyuta kakang'ono kamene kali m'kati mwa seva ndipo kamakhala maso ngakhale sevayo itazimitsidwa, bola chingwe cha magetsi chili cholumikiza. Timalankhula nako kudzera pa IPMI, imene inayamba mu 1998, kapena Redfish ya 2015. Amene wafika pa BMC angathe kuzimitsa makina, kuyatsa, kuona sikirini ndi kuikamo pulogalamu ina. Netiweki ya BMC iyenera kukhala payokha, makamaka pa switch yakeyake, ndipo isagawane chingwe ndi netiweki ya kasitomala. Tisaiwalenso kuti pa maseva ambiri kasitomala angathe kufika pa BMC ali m'kati mwa makina ake ndi pulogalamu ya ipmitool, n'kudzitsegulira akaunti, motero seva ikabwezedwa maakaunti ndi mapasiwedi a BMC ayenera kuyambidwanso.

Ndikudziwa yankho limene mabwana amapereka, loti zida n'zodula, zimachokera ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo ma metical ake ndi ovuta kupeza. Ndimawamvetsa, koma switch yodziwa VLAN si chinthu chapamwamba masiku ano, ndipo kawirikawiri ili kale mu rack, yangosiyidwa mmene inabwerera m'katoni. Ngakhale popanda OpenStack, munthu wa maseva khumi angathe kugawa ma VLAN pamanja ndi kusunga kaundula woona.

Kwa inu amene mukuchita lendi seva yathunthu, kaya ndi ya sukulu, ya bungwe la alimi a mbatata ku Angónia kapena ya kampani yonyamula katundu ku Moatize, musakhutire ndi mawu akuti netiweki yanu ndi yotetezeka. Tsiku limene mwapatsidwa sevayo, muuzeni katswiri wanu ayatse tcpdump kwa mphindi khumi asanaikepo chilichonse. Akaona mapempho a ARP kapena a DHCP ochokera ku makina amene si anu ndiponso si a router ya kampaniyo, dziwani kuti muli pa netiweki imodzi ndi anthu ena, ndipo funsani nambala ya VLAN yanu musanalipire mwezi wachiwiri.