Lekani kuotcha masamba ndi kuwataya m'ngalande

Ana anga okhala m'mizinda, tamverani kuno. Chilimwe chafika, mitengo ikuyoyola masamba, ndipo khalidwe lija layambiranso. Dzuwa likangopendeka, nyumba iliyonse mulu wake, machesi khwee, utsi uli tolotolo. Ku Namiwawa, ku Chilomoni, ku Area 47, ku Kawale, konseko munthu akuyenda maso akuyabwa. Kodi zimenezi munaphunzira kwa yani?

Mukamayatsa mulu uja mumati mukusamala pakhomo. Koma tayang'anani zomwe mwasesera limodzi ndi masambawo: majumbo, mabotolo a pulasitiki, matewera a ana, nsapato zakutha. Motowo sulilima, umangofuka usiku wonse chifukwa pansi pake pali kapinga wamuwisi. Inu mwatseka mawindo, mwagona. Utsi walowa kwa mnansi wanu komwe kuli khanda la miyezi iwiri ndi agogo odwala mphumu. M'mawa mukumana pachipata n'kupatsana moni ngati palibe chachitika. Manyazi mulibe? Sindikunenanso za mphepo ya mwezi wa Seputembala yomwe imanyamula moto n'kukautula pampanda waudzu wa eni ake.

Ena mwachenjera, simuotcha. Mumatuma mnyamata wosamala pabwalo kuti akatule wilibala kuseri kwa mpanda, m'ngalande ya mumsewu, kukada. Nthambi za heji, masamba a mango ndi a mapeyala, udzu wotchetcha, zonse m'menemo. Mnyamatayo sindimudzudzula, amachita zomwe bwana wake wanena. Ndikudzudzula inu. Mvula ya chizimalupsa ikagwa, nthambi zija zimapingasa pakamwa pa kalavati, majumbo n'kukodwa pamenepo, matope n'kumata. Ikafika mvula yeniyeni ya mu Januwale madzi asowa njira, adutsa mumsewu, akumba phula, alowa m'nyumba za anthu okhala kumunsi omwe alibe ndi mtengo umodzi womwe pakhomo pawo. Zotsala zikathera mu Mudi, mu Naperi, mu Lingadzi.

Mwaiwala kale kolera? Inayamba mu Malichi 2022 ku Machinga, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023 inali itatenga anthu oposa 1,700, ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Tsamba la mango silipatsa munthu kolera, zimenezo tikudziwa. Koma ngalande ikatsekeka madzi amasefukira m'zimbudzi zokumba, n'kutenga zonyansazo kupita nazo m'zitsime zomwe anthu amamwa. Pomwe madzi adikha, udzudzu waswana. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndikudziwa yankho lanu: "Khonsolo sibwera kudzatola." Inde, magalimoto a zinyalala ndi ochepa, ndipo madera ambiri sawaona n'komwe. Pamenepo khansala wanu mufunseni mosaopa, ndi ntchito yake. Koma taganizaninso inu amene galimoto imafika pachipata panu. Mwadzaza mabini atatu ndi masamba okhaokha, galimoto yadzaza isanamalize msewu umodzi, ulendo wa kotayira zinyalala ku Mzedi kapena ku Area 38, mafuta apita. Kumeneko masambawo akasakanikirana ndi magalasi ndi mabatire, sangathandizenso aliyense. Malo omwe masamba anu atenga m'galimotomo akanalowamo zinyalala za pamsika zomwe zikuwola anthu akugulitsa tomato pambali pake.

Chomwe chimandipweteka kwambiri n'chakuti inu nomwe ootcha masamba ndinu amene mukulira mtengo wa feteleza. Makolo athu anali ndi dzala kuseri kwa nyumba, ndipo aliyense ankaona maungu ndi bonongwe momwe zinkasangalalira pamenepo. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa manyowa a chimato, a changu ndi a m'dzenje kwa zaka zambirimbiri. Amayi a ku Mtandire ku Lilongwe anatola zinyalala zowola za m'dera lawo, n'kupanga manyowa ogulitsa kwa olima maluwa. Inu ophunzira, a mpopi wa madzi pakhomo, chikukukanikani n'chiyani?

Ntchito yake si yaikulu. Kumbani dzenje pamthunzi, lakuya osapitirira mita imodzi, kutali ndi chitsime. Pansi yalani timitengo ndi mapesi oduladula kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pake masamba ouma, kenako zaziwisi monga kapinga, makoko a nthochi ndi zotsala za ndiwo zamasamba, kenako ndowe kapena zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono ndi dothi lapamwamba. Wazani madzi kuti panyowe, osati kuchita dziwe. Bwerezani mpaka dzenje lidzale, ndipo zikani ndodo pakati. Pakapita masiku angapo zulani ndodoyo n'kuigwira: ikakhala yofunda ndi yonyowa, ntchito ikuyenda. Ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi ndi zaziwisi. Pakamveka fungo loipa ndiye kuti madzi achuluka, thirani masamba ouma n'kutembenuza. Muzitembenuza pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo pakatha miyezi itatu mudzafukula dothi lakuda lofewa, nyongolotsi zili yakaliyakali. Masamba a mango ndi a bulugamu amachedwa kuwola, choncho aphwanyeni kaye. Mafupa, nyama, mafuta ophikira ndi chimbudzi cha agalu musaikemo, mungaitane makoswe ndi matenda. Pulasitiki ndiye ayi ndithu.

Musandiuze kuti phulusa la mulu wootchawo ndi manyowa. Moto umauluza chakudya chobiriwitsa mbewu chija mumachigula mu Urea, ndipo zinyalala zomwe zikanasunga chinyezi m'nthaka zimathera mu utsi.

Inu a lendi opanda malo okumba, ikani masambawo m'matumba paokha, osasakaniza ndi majumbo, mupatse wolima dimba kapena wogulitsa mbande m'mbali mwa msewu. Nthambi zikuluzikulu ziumitseni, pali mabanja ambiri osowa nkhuni. Ndipo inu eni nyumba, mafumu a m'mataunimu ndi atsogoleri a mipingo, mwezi wa Okutobala usanathe tulukani ndi makasu ndi mafosholo, aliyense achotse zomwe zili m'ngalande ya kutsogolo kwa mpanda wake mvula isanayambe.