Musathawe gitala ya resonator chifukwa yakalika

Anzanga oimba magitala, pali chinthu chimandipweteka mtima. Munthu amaona resonator yogwiritsidwa kale ntchito ili pa malonda, mwini wake wanena chilungamo kuti yakalika kumbuyo ndipo pomwe pamagona mkono papauka, basi iye n'kuisiya. Kenaka amakatenga yatsopano yonyezimira koma yopangidwa mwachisawawa, mawu ake ouma. Ine ndikuti munthu ameneyu wataya chida chabwino chifukwa anayang'ana pamalo posafunika.

Pa gitala wamba, thabwa lapamwamba ndilo limanjenjemera n'kutulutsa mawu, nchifukwa chake mng'alu pathabwapo umaopsa. Resonator inapangidwa mwanjira ina. M'zaka za m'ma 1920 ku Los Angeles, woimba wina, George Beauchamp, ankafuna gitala yomveka pakati pa zida zina zaphokoso, ndipo anapita kwa mmisiri John Dopyera, wobadwira kudera lomwe lero ndi Slovakia. Dopyera anaika m'mimba mwa gitala timbale topyapyala ta aluminiyamu totchedwa cone. Nsambo zimakanikiza bridge, kachidutswa komwe zimatsamirapo pamimba pa gitala, bridge imakanikiza cone, cone ndiyo imanjenjemera n'kukankha mpweya. Mu 1927 kampani ya National inayamba kupanga tricone, ya ma cone atatu olumikizidwa ndi bridge yooneka ngati T. Pasanapite nthawi Dopyera anachoka n'kuyambitsa Dobro pamodzi ndi abale ake, ndipo yawo inali ya cone imodzi yogadama yomwe pamwamba pake pamakhala spider, kachitsulo konga kangaude ka miyendo 8. National nayo inatulutsa ya cone imodzi yokhala ndi biscuit, kathabwa kozungulira kokhala pansonga pa cone. Mpaka lero pafupifupi resonator iliyonse yomwe mungaione imatsata imodzi mwa njira zitatuzi.

Ndiye taganizani, ngati mawu akubadwira mu cone, kukalika kwa kumbuyo komwe kwachitika ndi chitsulo cha lamba kukuchotsa chiyani? Palibe. Thupi la gitala lili ndi gawo lake pa kamvekedwe, lamkuwa silimveka chimodzimodzi ndi lachitsulo kapena lathabwa, koma kusiyanako kumachokera ku chomwe thupilo linapangidwa nacho, osati ku kuwala kwa pamwamba. Nickel yomwe amakutira nayo matupi amkuwa imadyeka ndi thukuta, ndipo pomwe yadyekapo mpamene pakusonyeza kuti gitalayi inkaimbidwa. Kwa ine chimenechi n'chizindikiro chabwino. Resonator yomwe yatha zaka zambiri osakalika paliponse imandipatsa funso: kodi mwini wake ankaiona kuti ili ndi vuto lanji kuti asamaigwire? Son House ndi Bukka White, oimba nyimbo za blues a ku America, sankazinyengerera zida zimenezi, Bukka White ankachita kuimenya ndi chikhatho poimba, ndipo mawu omwe anthu amawafuna lero pogula resonator anachokera m'manja otere.

Komabe sindikunena kuti wogulitsa akati "yangowonongeka kunja kokha" muzingovomera. Pali malo amodzi pomwe kuwonongeka kooneka kochepa kumabisa nkhani yaikulu, ndipo ndi pa chivundikiro, chija chobowolabowola chomwe chimaphimba cone. Chikalowa mkati, makamaka pakati pomwe pamagona chikhatho pamwamba pa bridge, ndiye kuti china chake chinagwera kapena kutsamira pamenepo, ndipo cone ili pansi pomwepo. Aluminiyamu wake ndi wopyapyala kwambiri moti amakwinyika ndi chala. Cone yokwinyika imatsika, nsambo zimatsika nayo, mawu amafupika ndipo pamabwera kaphokoso konga ka njuchi yotsekeredwa m'botolo. Apa funsani mosachita manyazi: chinachitika n'chiyani, inagwa kodi, inagwera mbali iti?

Ngakhale zitatero, cone yowonongeka siipha malonda. Imasinthika, zatsopano zimapezeka, ndipo oimba ambiri amasintha dala cone ya gitala yotchipa kuti mawu akome. Chongofunika ndi kudziwa mtundu ndi kukula kwake, chifukwa ya biscuit nthawi zambiri ndi mainchesi 9.5, ya spider 10.5, ndipo za tricone ndi 6 iliyonse. Chomwe chimandidetsa nkhawa koposa ndi mkombero womwe cone imakhalapo. Ukapindika chifukwa gitala inagwa, cone yatsopano siikhazikika bwino ndipo phokoso lija silitha.

Khosi ndilo ndimaliyang'ana nthawi yaitali kuposa china chilichonse. Pa resonator, kupendekeka kwa khosi ndiko kumalamula mphamvu yomwe nsambo zimakanikiza nayo cone. Mphamvu ikachepa, zinthu zimagwedera mkati, ikachuluka, cone imabanika. Kukonza zimenezi ndi ntchito ya mmisiri wodziwa ndipo kumadya ndalama kuposa kusintha cone. Yang'anani khosilo kuchokera kumutu ngati lawongoka, yang'anani polumikizira ndi thupi ngati palibe mpata, ndiponso kuseri kwa mutu ngati sikunathyokepo n'kumatidwa. Muonenso kuti khosi lake ndi lozungulira kapena lamakona anayi. Lamakona anayi ndi loimbira pamiyendo ndi kachitsulo, nsambo zake zili m'mwamba kwambiri, simungazikanikize ndi zala. Ndi kaimbidwe komwe Josh Graves anatchukitsa mu nyimbo za ku America za bluegrass atalowa gulu la Flatt ndi Scruggs mu 1955. Pali anthu amene amatenga ya khosi lozungulira n'kuikweza nsambo, kuikapo zonenepa, n'kuichuna GBDGBD ngati yamakona anayi. Mphamvu imeneyo ndi yaikulu kwa khosi lozungulira, choncho mukamva kuti inkaimbidwa motero, liyang'aneni kawiri.

Pa thupi lachitsulo, dzimbiri lapamwamba silindiopsa, koma lomwe ladya mpaka kusiya timaenje m'mphepete pomwe mbali zinawotchereredwa, limenelo ndimalilemekeza, chifukwa pakatseguka pamagwedera. Mkuwa suchita dzimbiri lotere, umangoda kapena kubiriwira.

Njira yoyesera ndi yosavuta. Imbani nsambo iliyonse pa fret iliyonse, kutanthauza timizere tachitsulo ta pakhosi, mofewa kenaka mwamphamvu, uku mukumvetsera. Phokoso likamveka, gwirani chivundikiro ndi chala, kenaka pomangira nsambo, kenaka makiyi ochunira, muone ngati likusiya. Nthawi zambiri ndi sikuluwu imodzi yomwe yamasuka. Ngati muli kutali ndi gitalayo, pemphani vidiyo yoimba pang'onopang'ono nsambo imodziimodzi popanda zokometsera, ndi zithunzi za chivundikiro zojambulidwa cham'mbali kuti kulowa kulikonse kuoneke. Wogulitsa wokana zimenezi ndimamusiya.

Ndipo mukaigula, chonde musathamangire kukaipakanso nickel kapena penti. Pa National kapena Dobro yakale, kuikongoletsanso kumatsitsa mtengo wake pamaso pa odziwa, ndipo pa ina iliyonse ndi ndalama zomwe sizionjezera kanthu pa mawu. Ipukuteni ndi kansalu kofewa mukatha kuimba kuti thukuta lisapitirize kudya, basi. Zokalikazo zigwiritseni ntchito pokambirana mtengo, nkoyenera, ndipo zomwe mwapulumutsa mugulire nsambo zatsopano ndi kulipira mmisiri kuti aitsegule, aone cone ndi mkombero wake, ndi kuchuna sikuluwu yapakati ngati ndi ya spider.