Makoswe aja mwawabisiranji kumapeto?

Akulu olemba nkhaniyi, mutu wanu ukuti masamba a chammwamba amateteza chiwindi ku poizoni, koma zoti ofufuzawo anayesera pa makoswe mwaziika kumapeto kwenikweni, chonsecho ambirife timangowerenga mutu basi nkutumiza pa WhatsApp. Khoswe wa mu labu amamuyeza kaye pa sikelo, amamupatsa mlingo wowerengeka, kenako amamupha nkuunika chiwindicho. Ndiye zikugwirizana bwanji ndi zija amagulitsa mu depoti m'mabotolo opanda lebulo, ati botolo limodzi lomwelo likuchiza shuga, BP, zilonda zam'mimba mpaka kusabereka?

Sikuti ndikunyoza zitsamba ayi. LA yemwe timamwa tikadwala malungoyu, mbali ina anachokera ku chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou, wasayansi wa ku China, analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma iwowo anachita kupatula mankhwala enieniwo m'masambamo nkuwayesa pa anthu, osati kungowiritsa mumphika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limakaniza kuchiza malungo ndi tiyi wa artemisia poti mphamvu yake imasiyanasiyana, ikachepa tizilombo sitifa tonse.

Nanu amene mukukomenta kuti zachilengedwe sizipha, chinangwa chowawa chija muli poizoni wotchedwa cyanide, nchifukwa chake ku Nkhata Bay amachiviika kaye m'madzi masiku angapo asanasinje ufa wa kondowole. Ku Nampula ku Mozambique mu 1981 kunali chilala, anthu ankadya chinangwa chosakonzedwa bwino, ambiri anapuwala miyendo.

Atolankhani tatiuzeniko, makoswewo ankapatsidwa mlingo wanji, kwa nthawi yaitali bwanji?