Ozimitsa moto a m'midzi: ku Germany ndi lamulo, ku Poland ndi mudzi

Mitsinje ya Oder ndi Neisse ndiyo imalekanitsa Germany ndi Poland. Tsidya lino kapena tsidya ilo, m'midzi yambiri mumapezeka nyumba ya chitseko chachikulu, mkati mwake muli galimoto yofiira, majekete ndi zisoti zili mndandanda pakhoma, nsapato zili pansi pake. Eni zovalazo si alembedwa ntchito yozimitsa moto. Ndi alimi, amakanika, aphunzitsi, anthu amene amasiya zogwira akamva kulira kwa sailini. Koma mukafunsa kuti nyumbayo mwini wake ndani, mayankho a mayiko awiriwa amasiyana, ndipo gwero la kusiyanako ndi mbiri yawo.

Kale moto ukabuka pamudzi ankaliza belu la tchalitchi, anthu n'kundanda kuchokera pachitsime kumapatsirana ndowa. Khamu linkakhalapo, koma aliyense ankachita zake. Mu 1846, m'tauni ya Durlach ku Germany, Christian Hengst anasonkhanitsa gulu la amuna n'kuyamba kuwaphunzitsa kugwiritsa ntchito pampu yamanja yopangidwa ndi Carl Metz wa ku Heidelberg. Chaka chotsatira, pa 28 February 1847, nyumba ya zisudzo ya mumzinda wa Karlsruhe, woyandikana ndi Durlach, inapsa, anthu oposa 60 anafa. Amuna a ku Durlach anathamangirako ndipo anathandiza kuti motowo usafalikire kunyumba zoyandikana nayo. Apa m'pamene anthu anaona kuti kagulu kozolowera kugwirira limodzi kamaposa chikhamu chongothamangathamanga. Matauni ena anatengera, ndipo mu 1853 atsogoleri a magulu otere anakumana ku Plochingen ataitanidwa ndi Conrad Dietrich Magirus. Kumidzi zinafika pang'onopang'ono: kanyumba kosungiramo pampu, mahatchi obwereka kwa mlimi woyandikira, kenaka nsanja yoyanikiramo mapaipi.

Nthawi imeneyo dziko la Poland kunalibe. Kuyambira mu 1795 linali litagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria. Kumbali ya Russia olamulira sankafuna kuti anthu a ku Poland azikhala ndi mabungwe awo, koma moto sufunsa kuti akulamulira ndani, choncho magulu ozimitsa moto anali pakati pa ochepa amene ankaloledwa. La ku Kalisz linayamba mu 1864. Pagulu lotere anthu ankapezerapo mpata wokumana, kuimba bandi, kuchita masewero m'chinenero chawo. Dziko la Poland litalandira ufulu mu 1918, maguluwa anapanga mgwirizano wa dziko lonse mu 1921. Mpaka lero nyumba ya ozimitsa moto, imene amaitcha remiza, m'midzi yambiri ili ndi holo yochitiramo maukwati, magule ndi misonkhano, mwinanso kuponyeramo voti. Magulu a ozimitsa moto odziperekawa, otchedwa Ochotnicza Straż Pożarna, mwachidule OSP, alipo pafupifupi 16,000.

Ku Germany zinapita kwina. Malamulo a zigawo za dzikolo amati khonsolo iliyonse iyenera kukhala ndi gulu lozimitsa moto lokwanira dera lake. Galimoto, nyumba ndi zovala imagula ndi khonsolo. Odzipereka alipo pafupifupi 1 miliyoni, pomwe mizinda yokhala ndi ozimitsa moto olembedwa ntchito ndi yongopitirira pang'ono 100. Chimene ndimachiona cha mtengo wapatali ndi ichi: munthu akaitanidwa ali pantchito, abwana ake ayenera kumulola kupita, malipiro ake sadulidwa, ndipo kampaniyo imakatenga ndalamazo kukhonsolo. Bambo kapena mayi wa ana sayenera kusankha pakati pa nyumba ya mnzake imene ikuyaka ndi chakudya cha banja lake. Odzipereka akachepa, khonsolo ili ndi mphamvu yolamula anthu a m'deralo kulowa m'gulu. Zinachitikapo ku List, pachilumba cha Sylt, mu 2005.

Ku Poland gulu la OSP ndi bungwe la anthu eni ake, lokhala ndi wapampando ndi msungichuma wake. Khonsolo imathandiza ndi mafuta, zida ndi kangachepe ka maola amene munthu wakhala ali kungozi, koma zina amazipezera okha, monga poyenda khomo ndi khomo ndi makalendala chaka chikamatha. Kwa zaka zambiri midzi yochuluka inkayendera magalimoto akale ogulidwa tsidya linalo, amene Ajeremani anali atawapumitsa. Nthambi ya boma yozimitsa moto inayamba mu 1992, ndipo kuchokera mu 1995 magulu ena a OSP analowetsedwa m'dongosolo la dziko lonse lopulumutsa anthu, pomwe ena anatsala kunja. Lamulo la 2021 linabweretsa chithokozo cha mwezi ndi mwezi, choyambira pa 200 złoty (ndalama ya ku Poland), kwa amuna a zaka 65 amene atumikira zaka 25 ndi amayi a zaka 60 amene atumikira zaka 20. Ndalamayo ndi yochepa, komanso inachedwa kwambiri kubwera.

Ndikayika ziwirizi pasikelo, njira ya ku Germany ndiyo imateteza bwino wodzipereka, ndipo Poland akanachita bwino kuitengera yonse. Koma lamulo silibala chikondi. Mnyamata amene anavina ukwati wa mchemwali wake m'holo ya remiza, amene agogo ake ali pachithunzi chopachikidwa pakhomapo, sachita kukakamizidwa kuvala chisoti. Amene walandira kalata ya khonsolo yomulamula amabwera, inde, koma kulowa m'nyumba yodzaza utsi kumafuna anthu okhulupirirana.

Vuto limene likuvutitsa mbali zonse ndi la masana. Mlimi wakale ankakhala kumunda, sailini ikalira ankafika msanga. Mdzukulu wake amagwira ntchito mumzinda wakutali. Ku Germany kagulu kochepa kokwera galimoto yozimitsa moto kamakhala ka anthu 6, ndipo pa 10 koloko m'mawa Lachiwiri pali midzi imene imavutika kuwakwanitsa. N'chifukwa chake masiku ano amaitana midzi iwiri kapena itatu nthawi imodzi, akulandira amayi ambiri kuposa kale, ndipo ena amalembetsanso m'gulu la kumene amagwira ntchito kuti masana azithamangira moto wa kumeneko.